Kafunsidwe ka Adada

Adada sankafunsa funso molunjika. Pa ubwana wanga wonse ku Area 23, sindikumbukira tsiku limene anandiyang'ana n'kunena kuti, "Unali kuti?" Ndikachedwa kuchokera ku kwaya, ankandisiya ndilowe, ndivule nsapato, ndikhale pansi. Kenako ankalankhula ngati akuuza kapu ya tiyi imene ili m'manja mwawo: "Kaya masiku ano kwaya ikumatha nthawi yanji." Ukakhala chete sankakukakamiza. Koma unkadziwa kuti yankho likudikiridwa, ndipo unkadziwanso kuti iwo ali nalo kale. Ankangofuna kumva ngati lako ligwirizane ndi lawo.

Anachoka ku Rumphi ali mnyamata, n'kugwira ntchito yojambula mapu m'boma mpaka kupuma. Ku tchalitchi kwathu anali mkulu wa mpingo. Pakhomo tinkalankhula Chitumbuka chosakanikirana ndi Chichewa cha m'tauni, moti achibale akabwera kuchokera kumudzi ankatiseka kuti ana a nyumba ino alibe chilankhulo. Azichimwene anga awiri anali atachoka kale, wina ku Mzuzu, wina ku Blantyre. Ine womaliza kubadwa ndinatsala ndi makolo, ndikuphunzitsa pa sukulu ya pulayimale yapafupi.

Kafunsidwe ka Adada tonse tinakazolowera. Akati, "Sindikudziwa ngati mpiru uja wathiriridwa," wina ankadzuka kukatenga ndowa. Akati, "Ndikudabwa kuti ndani wasiya geti chitsegulire," mwini wakeyo ankapepesa. Amama ankati bambo anu ali ndi ulemu wochuluka moti ngakhale funso amayamba aliveka jekete lisanatuluke panja.

Zimene ndikufotokozazi zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinadziwana ndi mnyamata wina wa ku Kawale pa ukwati wa mnzanga ku Chigwirizano. Makolo ake anali a ku Dowa koma anakhazikika m'tauni kalekale, ndipo bambo ake anali kalipentala. Iye ankagwira ntchito ya makompyuta mu ofesi ina ku City Centre. Anali wamtali, wofatsa, ndipo ukamufunsa kanthu ankayamba waganiza kaye, ngakhale utangomupatsa moni. Ndiye amene anadzakhala bambo wa ana anga, koma nthawi imeneyo anali chabe munthu wondiperekeza kuchokera pa siteji mpaka pa chigayo. Akafika pamenepo ankabwerera, kuopa kuonedwa ndi a kwathu.

Ku ofesi kwawo kunali kutangofika imelo. Anzake ankalemberana ndi achibale awo a kunja, koma iye anapeza gulu la anthu a m'mayiko osiyanasiyana amene ankakambirana za chilankhulo chotchedwa Lojban. Ankapulinta zokambirana zawozo n'kumawerenga mu minibasi. Lamlungu lina masana, titakhala pa kakhoma pafupi ndi msika tikudya chimanga chootcha, ndinamufunsa kuti chilankhulocho n'cha anthu a kuti.

"Si cha anthu a kwina kulikonse," anatero. "Anachita kuchipanga dala. Ankafuna chilankhulo choti ukamva chiganizo usasokonezeke kuti mawu awa akugwirizana ndi ati."

"Ndiye chilibe mudzi?"

"Chilibe."

"Nanga pa maliro amalira bwanji?"

Anaganiza kaye, monga mwa chizolowezi chake. "Sindikudziwa ngati alipo amene anamwalira kale akuchilankhula."

Kenako anatulutsa cholembera n'kutembenuza limodzi la mapepala aja. Anati sabata imeneyo anthuwo ankakangana za mafunso okhala mkati mwa chiganizo china.

"Taona," anatero. "Ndikati, 'Wabwera ndani?' ndakufunsa, uyenera kuyankha. Iwo amati *ma klama*. *Ma* ndiye 'ndani' kapena 'chiyani', malo opanda kanthu oti iwe udzazemo. Koma ndikati, 'Ndikudziwa amene wabwera,' kapena 'Sindikudziwa kuti wabwera ndani,' funso lilimo ndithu, koma sindinakufunse iwe. Ndangolitchula. Ndiye iwo amaika kamawu kakang'ono, *kau*, pambuyo pa *ma*. Kamawuko kamauza womvera kuti khala phee, funsoli si lako. Ukakaiwala, ndiye kuti wafunsa zenizeni, mnzako ayenera kuyankha."

"Ndiye akukangana chiyani, poti mankhwala anapeza kale?"

"Akukangana kuti kudziwa amene wabwera n'kutani kwenikweni. Ndikadziwa kuti iwe wabwera, koma osadziwa kuti mnzako wabweranso, kodi ndinganene kuti ndikudziwa amene abwera? Ena akuti uyenera kudziwanso amene sanabwere."

Ndinaseka mpaka kutsamwa ndi chimanga. Ndinamuuza kuti anthu akewo akanabwera ku Area 23 kudzamva Adada, akanang'amba mapepala awo. Kwathu funso longotchulidwa ndi limene limafuna yankho msanga. Iye sanaseke. Anati akufuna adzawamve.

Mwayi unabwera wokha. Madzulo ena, tikumwa tiyi, Adada anati, "Kaya ndani amene masiku ano amakonda kufika pa chigayo wopanda thumba la chimanga." Ndinasowa poyang'ana. Amama ndi amene anandipulumutsa. Anati ndi mnzanga wodziwa zamagetsi, ndipo poti wailesi yathu ikulira ngati ili ndi chimfine, bwanji abwere adzaione.

Anabwera Loweruka, atavala malaya oyera, zipangizo zake atazikulunga m'nsalu. Adada anamulandira pakhonde. Iye anatsegula wailesi ija n'kuyamba kuuziramo kuchotsa fumbi.

"Kaya anthu a ku Kawale amapemphera kuti," anatero Adada.

Mnyamata uja anasiya wailesi n'kuyamba kutchula matchalitchi onse a ku Kawale, osaiwala mzikiti ndi kampingo kena kamene kankasonkhana m'kalasi ya sukulu. Wake sanautchule. Ine ndinali kuseri kwa chitseko ndi thireyi ya tiyi, ndikulakalaka nthaka itang'ambika.

"Mwayankha mokwanira," anatero Adada. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Ndimadabwa ngati ntchito za makompyutazi zingasunge banja."

"Zimatengera, Abambo," anayankha. Ndipo anawafotokozera za vuto la kuzimazima kwa magetsi, za fumbi la Lilongwe limene limalowa m'makina, ndi za tsogolo la makompyuta mu Africa yense. Za banja sananenepo kanthu.

Atapita, Amama anandiuza kukhitchini kuti Adada akuti mnyamatayo alibe chinyengo, koma makutu ake amamva mawu okha. Sindinadziwe ngati kumeneko n'kuyamikira. Komabe sabata yotsatira Adada anati kaya aliponso munthu amene angaone simbi yamagetsi. Itatha simbi inabwera tochi, itatha tochi inabwera switchi ya m'bafa. Zinthu za m'nyumba mwathu zinayamba kuwonongeka motsatizana, ndipo zonse zinkawonongeka Lachisanu.

Awiriwo ankakhala pakhonde nthawi yaitali. Adada atamva za chilankhulo chopanga dala chija sanaseke ngati ine. Anati mapu nawonso ndi choncho: anthu anakhala pansi n'kugwirizana kuti mzere wabuluu ndi mtsinje, ndipo munthu wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje amauwerenga mofanana. Koma anati mapu sanena ngati mtsinjewo uli ndi madzi chaka chino. Mnyamata uja anaikonda mfundo imeneyo moti Lolemba anakaitumiza kwa anzake a pa imelo. Sindikudziwa kuti anaimva bwanji kumeneko.

Loweruka lina m'nyengo yotentha, chakumasana, tinali tonse pakhonde. Amama ankasankha nyemba m'lichero, ine ndinkachonga makope a ana anga a ku sukulu. Pa geti panaima munthu. Anali mkulu wa mpingo mnzawo wa Adada, wa ku Area 25, amene anayamba kubwera kwathu ine ndisanabadwe. Anaima kaye akupukuta thukuta, asanaodire. Kuchokera pakhonde kufika pa geti sipanali patali. Puloti yathu inali yaing'ono ngati ena onse a kumeneko.

"Kaya ndani waima pa getipo," anatero Adada.

Ine ndinamwetulira osadzutsa mutu. Ndinayesa ndi nthabwala za akuluakulu, kumuseka mnzawo kuti wasowa. Koma mnyamata uja anayankha monga ankayankhira zonse.

"Ndi abambo achikulire, Abambo. Avala jekete yotuwa ndi chipewa, ndipo agwira ambulera ngakhale kulibe mvula."

Adada anadzuka msanga n'kuitana mnzawoyo m'Chitumbuka, akumufunsa ngati njira ya ku Area 23 inamera tchire. Anapatsana moni, anaseka, ndipo tsikulo linapitirira ngati masiku onse.

Madzulo ndinamuperekeza mnyamata uja ku siteji. Titadutsa anyamata ogulitsa makala, anaima.

"Adada ako saona bwino," anatero.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Funso lija linali lenileni. Sankadziwa amene waima pa geti."

"Amafunsa choncho kuyambira kale. Ndiwe wekha amene sunawazolowere."

"Mwina n'chifukwa chake ndaona. Inu mukamva 'kaya' mumamva kuti akudziwa kale. Ine ndimangoyankha. Ndiye ndaona kuti mayankho ena amawafunadi. Sabata yatha anati kaya nthawi ili bwanji, wotchi ili pamkono. Nditawapatsa kawaya kuti aone pamene kanapsa, anakayang'ana ndi zala."

"Usandiuze za *kau* wako," ndinatero.

"Sindikunena za *kau*. Ndikunena za maso."

Ndinamusiya pomwepo osatsanzika. Ndinali nditakwiya kwambiri. Munthu wangobwera kumene, angandiuze chiyani za bambo anga, munthu amene ankajambula mitsinje yopyapyala ngati tsitsi popanda magalasi?

Koma mawu ake sanandichoke, ndipo m'masiku otsatira ndinayamba kuyang'ana. Ku tchalitchi Adada ankatsegula buku la nyimbo n'kuimba mwamphamvu, koma tsamba silinkatembenuzidwa. Nyimbo zonse zinali m'mutu. Pothira tiyi ankaika chala m'mphepete mwa kapu. Nyuzipepala anali atasiya kuwerenga, akuti yadzaza ndale, ndipo tonse tinawavomera chifukwa inadzazadi ndale. Kuwerenga Mawu pa guwa anali atasiyira akulu ampingo achinyamata, akuti nawonso aphunzire. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachiona Lamlungu m'mawa popita ku tchalitchi. Amama ankayenda patsogolo pang'ono, atavala chitenje chachikasu chowala, Adada ali pambuyo. Pamene panali ngalande Amama ankachedwetsa phazi, pamene panali mwala ankakhota pang'ono, ndipo Adada ankatsatira chikasucho. Ndinali nditawaona akuyenda choncho kambirimbiri. Ndinkayesa Amama amangofulumira kuti akapeze malo abwino.

Lolemba madzulo ndinawapeza Amama akuchapa kuseri kwa nyumba.

"Amama, kodi Adada amaona?"

Anapitiriza kufinya malaya amene anali m'manja. Atawayanika m'pamene anayankha.

"Amaona kuwala ndi mdima, ndi zinthu zikuluzikulu. Zinayamba kale, pang'onopang'ono."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa ndani, mwini wake asananene?"

Anandiuza nkhani imene sindinkaidziwa bwino. Agogo anga aamuna, bambo awo a Adada, anachita khungu ku Rumphi akadali ndi mphamvu. Anakhala zaka zambiri kuseri kwa nyumba, ndipo akafuna kupita kwina mwana ankawatsogolera atagwira nsonga ya ndodo. Mwana ameneyo anali Adada. Anaona mmene anthu anasiyira kufunsa maganizo a bambo awo, n'kumalankhula ndi mwana wogwira ndodoyo ngati mwini wake palibe. Amama anati anayesapo kamodzi kutchula za chipatala. Adada anangoti kaya ndani amene amaona bwino pa msinkhu uno, ndipo tsikulo sanadye. Kuyambira pamenepo Amama ankangoonetsetsa kuti nsapato, chisa, sopo ndi Baibulo zili pamalo omwewo tsiku lililonse.

"Mnzako uja ndi amene wakuuza?" anafunsa.

Ndinavomera.

"Ndinadziwa tsiku la pa geti lija," anatero. "Ndinali nditatsegula pakamwa kuti ndimutchule mlendoyo mongoseka, monga ndimachitira, koma iye anandipitirira."

Nditatsika minibasi Lachitatu kuchokera m'tauni, ndinamupeza mnyamata uja akundidikira pa siteji ngati palibe chimene chinachitika. Sanatchule za mkwiyo wanga. Anati wafunsa kwa mayi ena oyandikana nawo ku Kawale, amene anali namwino. Mayiwo anati ngati pakati pa diso pakuoneka poyera ngati mkaka, mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa. Anthu okalamba kuposa Adada amachitidwa opaleshoni n'kuonanso. Chotsala chinali chakuti ndani awauze.

Ndinayesa ine, m'njira yawo yomwe. Tikumwa tiyi ndinati, "Kaya masiku ano madokotala a maso amagwira ntchito bwanji."

"Amene akufuna kudziwa akafunse," anatero Adada, n'kukweza wailesi.

Loweruka lotsatira m'nyumba munalibe chowonongeka, koma mnyamata uja anabwerabe, wopanda zipangizo. Ine ndi Amama tinalowa m'nyumba n'kukhala pafupi ndi zenera la pabalaza, katani ili chotseka. Ndinadziwa kuti anakonzekera, chifukwa anayamba ndi mawu amene sanali ake.

"Abambo, ndimadabwa ngati... kaya anthu ena akamakula... sindikudziwa ngati mukudziwa kuti pali..."

"Mwana wanga," anamudula Adada, "kuzungulira si kwanu. Mukuyenda ngati munthu amene wavala nsapato za mwini. Funsani."



"Abambo, nkhope yanga mumaiona?"

Amama anandigwira pamkono. Kutali chigayo chinkalira, ndipo kwa aneba mwana ankalirira kusamba.

"Sindinaionepo," anatero Adada. "Ndimadziwa kuti ndinu wamtali chifukwa mukaima pakhomo mumatseka kuwala. Malaya oyera ndimawaona. Mawu anu ndimawazindikira mukangoodira pa geti. Nkhope ayi."

"Ndingayang'ane m'maso mwanu?"

Ndinasuzumira m'mbali mwa katani. Anali atagwada patsogolo pa mpando wa Adada, dzanja lili pa bondo lawo, akuyang'anitsitsa. Adada anali atakweza chibwano ngati mwana amene akupukutidwa nkhope.

"Si ine dokotala," anatero mnyamata uja. "Koma pakati pali poyera, m'maso onse awiri. Ndafunsa kwa odziwa, akuti ikakhala ng'ala imachotsedwa."

"Akandichita opaleshoni n'kulephera?"

Aka kanali koyamba kumva Adada akufunsa funso lopanda jekete. Mawu awo anali otsika.

"Ndiye mudzakhala mmene mulilimu. Ine ndizidzabwerabe Loweruka."

"Sindifuna kutsogoleredwa ndi ndodo m'misewu ya Lilongwe."

"Ndodo sitinyamula, Abambo. Muzingondigwira pa chigongono ngati tikukambirana nkhani. Anthu aziti mukundilangiza."

Adada anaseka pang'ono, kaseko kotulukira m'mphuno. Kenako anati kaya tiyi m'nyumba muno anatha. Amama anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kudzuka.

Mnyamata uja anapempha tchuthi ku ntchito. Ulendo woyamba anapita awiri okha, chifukwa Adada anakana kuti banja lonse liwaperekeze ngati akukaikidwa. Ndinawaona akutsika ndi msewu wathu m'mawa, Adada atavala suti yawo ya ku tchalitchi, dzanja lili pa chigongono cha mnzawo, akulankhula ndi kugwedeza mutu. Ankaonekadi ngati akumulangiza. Pambuyo pake ndinamva kuti kondakitala wa minibasi anati, "Madala akhale kutsogolo, mwana wawo kumbuyo," ndipo Adada anati ayi, mwanayu akhala pambali panga.

Dokotala anatsimikiza kuti ndi ng'ala, ndipo anati ayamba ndi diso lamanja. Tsiku la opaleshoni tinapita tonse. Adada analowa atapatsa Amama wotchi yawo kuti awasungire. Anatuluka diso lili lomata, akudandaula kuti ali ndi njala. Anawagoneka m'chipinda cha amuna, pakati pa mlimi wina wa ku Mchinji ndi mkulu wina amene ankangoimba nyimbo za Chingoni chapansipansi.

M'mawa mwake namwino anabwera kudzachotsa bandeji. Anatiuza kuti tisayembekezere zambiri tsiku loyamba, diso limayamba ndi chifunga. Amama anaima kumiyendo kwa bedi, ine pambali pawo. Mnyamata uja anaima chapatali, pafupi ndi khomo, manja ali kumbuyo.

Adada anaphethiraphethira, misozi ikutuluka m'diso lotupalo. Anayang'ana kudenga, kenako pa bulangeti, kenako manja awo. Anawatembenuza uku ndi uku. Atadzutsa mutu anapeza Amama.

"Imvi zonsezi mwayamba liti?" anafunsa.

"Inu mutangosiya kuyang'ana," anayankha Amama.

Mlimi wa ku Mchinji uja anaseka mpaka namwino anamuletsa kuti asokoneza diso lake. Adada anandiyang'ana ine n'kunena kuti ndaonda, ana a sukulu akundidya. Kenako anayamba kufunafuna m'chipindamo.

"Wamtali uja ali kuti? Sendezani kuno."

Anasendera n'kugwada pambali pa bedi monga anachitira pakhonde. Adada anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, mmene ankayang'anira pepala la mapu asanalisainire. Mnyamata uja sanadziwe koloza maso.

"Ndinkayesa ndinu wamkulu kuposa apa," anatero Adada. "Mawu anu ndi a munthu wachikulire. Komatu ndinu mwana." Anamugwira phewa. "Muli ndi chipsera pa nsidze."

"Ndinagwa pa benchi ya bambo anga ndili wamng'ono."

"Ndachiona," anatero Adada, ndipo anabwerezanso, "Ndachiona."

Diso lachiwiri analichita patapita miyezi ingapo, ndipo pomaliza anawapatsa magalasi okhuthala amene ankakulitsa maso awo ngati a kadzidzi. Azichimwene anga anabwera kudzawaona, aliyense akudabwa kuti zonsezi zinachitika bwanji iye osadziwa. Adada sanabwererenso ku nyuzipepala, akuti inadzazadi ndale, koma kuwerenga Mawu pa guwa anakulandanso kwa achinyamata aja.

Kafunsidwe kawo sikanasinthe kwenikweni. Loweruka lina, mvula itayamba, ali pakhonde ndi mnyamata uja, ndinawamva akuti, "Kaya kwanu ku Dowa kuli amalume amene amatha kuyenda ulendo wa ku Lilongwe." Ndinaima ndi thireyi pakhomo. Ndinamuona akutsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kuyamba kutchula amalume ake onse ndi matenda awo a miyendo. Koma anatseka, anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Abwera mwezi wamawa, Abambo, mukatilola." Adada anati mwezi wamawa uli bwino, bola lisakhale Lamlungu la mgonero.

Tinakwatirana chaka chotsatira, n'kukachita lendi ku Biwi. Chilankhulo chija anapitiriza kuchiwerenga mpaka mwana woyamba atabadwa; kenako nthawi inasowa. Sanapezepo munthu woti alankhule naye pakamwa, ndipo ine ndinangogwirapo timawu tiwiri kapena titatu.

Koma ndikamawakumbukira Adada, chimene chimabwera msanga si ukwati kapena chipatala. Ndi Lolemba lina atangolandira magalasi, pamene anadzuka m'mawa, kuvala chipewa, n'kunena kuti akukayenda okha. Amama anafuna kuwatsatira koma anawakaniza. Anapita nthawi yaitali moti tinayamba kusuzumira ku geti. Anabwera dzuwa lili paliwombo, nsapato zili mbuu ndi fumbi, n'kudzigwetsa pa mpando wa pakhonde. Atamwa madzi anayamba kufotokoza. Pamene panali munda wa chimanga kuseri kwa sukulu pamangidwa nyumba zambirimbiri, zina zokhota chifukwa omanga sanakoke chingwe. Mtengo wa mango wa pa mphambano anaudula. Pafupi ndi msika pali kanyumba koonetsera mafilimu, ndipo ana amasuzumira m'ming'alu ya matabwa. Mwana wa aneba amene ankamudziwa akukwawa tsopano akukwera njinga. Golosale ya pakona anaipaka utoto wobiriwira woipa kwambiri.

Zonsezi Amama ankaziona tsiku lililonse popita ku msika. Anakhala pa mkeka akusenda nandolo, n'kumvetsera mpaka Adada anamaliza, akumafunsa apa ndi apo kuti, "Zoona? Mbali iti?"